Kuyeserera zochita pa ngozi zadzidzidzi m'sukulu: zofunika kudziwa m'boma la Chiradzulu

Unduna wa Maphunziro ukupereka nkhani ino kwa aphunzitsi aakulu, aphunzitsi, makomiti a sukulu, magulu a amayi, mafumu ndi makolo a m'boma la Chiradzulu, pofuna kufotokoza momwe sukulu ingakonzekerere ngozi zogwa mwadzidzidzi ophunzira ali m'manja mwa aphunzitsi. Mfundo yaikulu ndi yakuti ngozi zonse sizithawidwa mofanana. Pali ngozi yofuna kuti ana atuluke m'kalasi, ina yofuna kuti adzitsekere m'katimo, ndiponso ina yofuna kuti achokeretu pa sukulupo n'kupita pamalo otetezeka. Mwana amene wathamangira panja pomwe amayenera kukhala m'kati, kapena wakhala m'kati pomwe amayenera kutuluka, amakumana ndi ngozi imene akadaipewa. Kusiyanitsa njira zitatuzi kumaphunzirika poyeserera kukadali bata, mobwerezabwereza, mpaka mwana aliyense adziwe chochita popanda kufunsa.

Chifukwa chake boma la Chiradzulu liyenera kukonzekera

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti m'boma la Chiradzulu muli anthu 356,875. Bomali ndi limodzi mwa maboma aang'ono m'dziko muno, ndipo anthu ake ndi othithikana kwambiri. Kuchepa kwa malo kwachititsa kuti midzi, minda ndi sukulu zina zikhale m'tsinde mwa mapiri ngakhalenso m'mphepete mwa mitsinje monga Mombezi, Namadzi ndi Thuchila. Ana ambiri amawoloka mtsinje kapena khwawa popita ndi pobwerera kusukulu, ndipo m'madera ena mitengo yomwe inkagwira nthaka m'mapiri idatha.

Kugumuka kwa mapiri si kwachilendo m'chigawo chino. Makolo athu adakupatsa dzina lakuti napolo. Napolo adasakaza tawuni ya Zomba mu December 1946, ndipo pa 10 March 1991 adatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe n'kupha anthu mazana angapo. Ngozi ya ku Phalombe ndiyo idachititsa kuti boma likhazikitse lamulo la Disaster Preparedness and Relief Act m'chaka chomwecho.

M'zaka zaposachedwa anamondwe afika motsatizana: Idai mu March 2019, Ana mu January 2022, Gombe mu March 2022 ndi Freddy mu March 2023. Namondwe wa Freddy ndiye adawononga koposa. Pa 13 March 2023, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma a m'chigawo chakummwera, kuphatikizapo Chiradzulu, agweredwa ngozi. Kafukufuku wa boma atatha namondweyo adaonetsa kuti anthu 679 adamwalira, ena 537 adasowa, ndipo oposa 659,000 adasamuka m'nyumba zawo. M'boma la Chiradzulu, matope ndi miyala yochokera m'phiri zidakwirira mudzi wa Ntauchira m'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe. Maphunziro adaimitsidwa kwa masabata angapo, ndipo sukulu zambiri zidasanduka misasa ya anthu othawa ngozi. M'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la Disaster Risk Management Act, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1991 ndipo likutsindika zokonzekera ngozi isadagwe.

Namondwe amaoneka akadali panyanja, choncho a Nthambi Yoona za Nyengo amachenjeza kudakali masiku, ndipo Unduna umakhala ndi mpata woimitsa maphunziro monga udachitira nthawi ya Freddy. Moto wa m'chipinda chogona, mphenzi, khoma logwa, galu wachiwewe kapena chigulu cha anthu okwiya sizipereka mpata wotere. Akuluakulu adati tsoka silinunkha. Pa ngozi zoterezi, chitetezo cha ana chimadalira zimene aphunzitsi ndi anawo achite m'mphindi zoyambirira, thandizo lochokera kwina lisadafike.

Zimene kuyeserera kumapindula

Phindu la kuyeserera lidaoneka bwino ku Japan pa 11 March 2011, pomwe chivomerezi chachikulu chidautsa mafunde a m'nyanja omwe adasefukira kumtunda. M'tawuni ya Kamaishi, ana asukulu ankayeserera kwa zaka zingapo kuthawira kumalo okwera. Tsikulo ophunzira akuluakulu adagwira manja a ang'onoang'ono n'kuthamangira kumtunda osayembekezera kuuzidwa kawiri, ndipo pa ana pafupifupi 3,000 a m'tawuniyo, pafupifupi onse adapulumuka. Pa sukulu ya pulayimale ya Okawa, m'dera la Ishinomaki, ana adasonkhanitsidwa pabwalo ndipo adakhala pomwepo kwa mphindi pafupifupi 50 akuluakulu akukambirana kolowera, ngakhale kuti kuseri kwa sukuluyo kudali phiri. Ana 74 mwa 108 adamwalira, pamodzi ndi aphunzitsi 10.

Sukulu za m'madera awiriwa zidali ndi nyumba zolimba ndi aphunzitsi okonda ana. Zidasiyana pa chinthu chimodzi: kwina funso lakuti "tipite kuti?" lidali litayankhidwa kale, kwina lidafunsidwa madzi ali m'njira. Cholinga cha kuyeserera kulikonse ndi kuyankhiratu funso limeneli.

Zizindikiro zochenjezera

Sukulu iliyonse ikhale ndi zizindikiro zitatu zosiyana bwino, chimodzi pa njira iliyonse, ndipo zisafanane ndi belu la nthawi yopuma kapena yoweruka. Sukulu ingathe, mwachitsanzo, kugwirizana motere:

1. Kutuluka: belu kapena chitsulo chilizidwe mosalekeza, aphunzitsi akufuula kuti, "Tulukani!"
2. Kudzitsekera: wezulo alizidwe katatu motalika, kenako abwerezedwe, aphunzitsi akufuula kuti, "Tsekani zitseko!"
3. Kuchoka pa sukulu: belu ndi wezulo zilire pamodzi, aphunzitsi akutchula dzina la malo othawirako.

Mawu omveka bwino ndi ofunika kuposa mawu obisika, chifukwa mwana wa Sitandade 1, mlendo kapena mayi wophika phala sangamasulire chizindikiro chimene sadachimvepo. Wezulo asakhale mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu mokha. Aphunzitsi angapo komanso mlonda akhale naye, ndipo aliyense wa iwo adziwe kuti ali ndi mphamvu zochenjeza akangoona ngozi, popanda kukayamba wapempha chilolezo.

Njira yoyamba: kutuluka

Ana amatuluka pamene choopsa chili m'nyumba momwemo: moto, utsi, khoma limene layamba kung'aluka kapena denga limene lafooka. Mu June 2018, ophunzira anayi a pa sukulu ya pulayimale ya Nantchengwa m'boma la Zomba adamwalira khoma la chipinda chophunziriramo litawagwera. N'chifukwa chake komiti ya sukulu iyenera kuyendera makoma, madenga ndi zimbudzi teremu iliyonse isadayambe, ndi kuletsa kugwiritsa ntchito chipinda chilichonse chokayikitsa, ngakhale zitachititsa kuti makalasi aziphunzira mosinthana.

Chizindikiro chikamveka, ana asiye zikwama ndi mabuku, aime, atuluke pamzere mofulumira koma osathamanga ndiponso osakankhana. M'kalasi ya ana ochuluka yokhala ndi khomo limodzi, ngozi yaikulu ndi kupondana pakhomo. Choncho mzere woyandikira khomo utuluke poyamba, ina itsatire motsatana. Mphunzitsi atuluke pomaliza, atanyamula kaundula wa kalasi. Ngati m'chipinda muli utsi, ana akwawe chifukwa mpweya wabwino umakhala pansi. Mwana amene zovala zake zagwira moto asathamange. Agone pansi, aphimbe nkhope ndi manja, agubuduke, ndipo ena amufunditse bulangete kapena chitenje chonyowa.

Malo osonkhanirana akhale pabwalo loyera, kutali ndi nyumba, mitengo ikuluikulu, mawaya a magetsi ndi msewu. Kalasi iliyonse ikhale ndi malo ake odziwika pabwalopo. Palibe wobwerera m'nyumba kukatenga kanthu mpaka mphunzitsi wamkulu atalola.

Sukulu zogonera pomwepo zili ndi udindo wapadera, chifukwa moto woopsa kwambiri umabuka usiku. Mu March 2001, ophunzira 67 adafa ndi moto m'chipinda chogona pa sekondale ya Kyanguli ku Kenya; khomo limodzi lidali lokiyidwa ndipo mawindo adali ndi zitsulo. Mu September 2024, anyamata 21 adafanso ndi moto wa usiku pa sukulu ya Hillside Endarasha m'dziko lomwelo. Poona zimenezi, chipinda chogona chikhale ndi makomo osachepera awiri otsegukira kunja, ndipo chisakiyidwe ndi loko kunja ana ali m'kati. Mabedi ndi masutikesi asatseke njira. Makandulo, mbaula ndi kulumikiza mawaya a magetsi mwachinyengo ziletsedwe. Ndowa za mchenga ndi zozimitsira moto zikhale pafupi ndi khomo, ndipo matroni ndi mphunzitsi woyang'anira zogonera adziwe kuzigwiritsa ntchito. Galimoto zozimitsa moto zili m'makhonsolo a mizinda monga wa Blantyre, ndipo kuti zifike kumadera ngati Namitambo kapena Milepa pamapita nthawi. Sukulu zogonera ziyeserere kutuluka kamodzi usiku, magetsi atazimitsidwa, ophunzira atauzidwiratu.

Njira yachiwiri: kudzitsekera m'kalasi

Kudzitsekera kumachitika pamene choopsa chili panja ndipo m'kalasi ndimo muli chitetezo. Njirayi idafala ku United States chifukwa cha anthu olowa m'sukulu ndi mfuti, makamaka itachitika mbanda ya pa sukulu ya Columbine mu 1999. Kwathu kuno zifukwa zake ndi zina, koma n'zenizeni. Kuyambira mu September 2017, mphekesera za anamapopa zomwe zidayambira ku Mulanje zidafalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre, ndipo magulu a anthu okwiya adapha anthu osalakwa. Kuyambira cha m'ma 2014, anthu achialubino, kuphatikizapo ana, akhala akubedwa ndi kuphedwa m'madera osiyanasiyana a dziko lino. Palinso zinthu zochitika kawirikawiri: munthu wolusa wofika ndi chikwanje, mkangano wa m'banja wofikira pa sukulu, zipolowe pamsika wapafupi, galu wachiwewe, njuchi zobalalika kapena chilombo cholowa m'mudzi.

Pa zochitika zotere, mtima umauza mphunzitsi kuti abalalitse ana apite kwawo. Kutero n'kutumiza ana mazana ambiri m'njira momwe muli choopsacho, aliyense payekha, popanda wowawerenga. Chizindikiro chodzitsekera chikamveka, pachitike izi:

1. Mphunzitsi asuzumire panja mwachangu n'kulowetsa mwana aliyense amene ali pafupi, ngakhale wa kalasi ina.
2. Atseke chitseko ndi kuchikhoma cham'kati. Ngati palibe chokhomera, madesiki kapena tebulo ziikidwe kuchitseko.
3. Mawindo atsekedwe. Ana akhale pansi, kutali ndi chitseko ndi mawindo, pamalo amene munthu wa panja sangawaone msanga.
4. M'kalasi mukhale chete. Mafoni a aphunzitsi asalire mokweza, koma asazimitsidwe.
5. Mphunzitsi awerenge ana mwakachetechete n'kutumiza uthenga kwa mphunzitsi wamkulu wonena amene alipo, amene akusowa ndi amene alowa kuchokera m'makalasi ena.
6. Mphunzitsi wamkulu kapena wachiwiri wake aimbire apolisi pa 997 kapena polisi yapafupi, komanso adziwitse mfumu, a chitetezo cha m'mudzi ndi mlangizi wa maphunziro a pulayimale wa derali.
7. Chitseko chisatsegulidwe chifukwa cha kugogoda kapena kulira kwa belu. Kudzitsekera kumatha pokhapokha mphunzitsi wamkulu kapena wapolisi atafika yekha pakhomo n'kudzitchula dzina.

Sukulu zambiri za m'bomali zilibe mpanda, zipinda zina zilibe zitseko, ndipo makalasi ena amaphunzirira pansi pa mtengo. Zimenezi siziyenera kulepheretsa sukulu kukonzekera. Komiti ya sukulu iyendere zipinda zonse n'kulemba zimene zimatsekeka. Kalasi iliyonse yopanda chitseko kapena yophunzirira panja ipatsidwe chipinda chothawiramo, ndipo ana achidziwe. Ngati pafupi pali tchalitchi, mzikiti kapena holo yolimba, akuluakulu ake apemphedwe mpata nthawi ikadalipo. Ana amene chizindikiro chawapeza kuchimbudzi, pamjigo, kukhitchini ya phala kapena m'munda wa sukulu alowe m'chipinda chimene chili pafupi, osati kulimbikira kukafika m'kalasi mwawo. Kugula zokhomera zitseko cham'kati ndi mawezulo kungathe kulowa m'ndondomeko ya chitukuko cha sukulu, chifukwa mtengo wake ndi wochepa.

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kudzitsekera ndi kutsekeredwa. Chokhomera chikhale cham'kati, choti mphunzitsi kapena mwana wamkulu angachitsegule ndi dzanja limodzi. Ana asakiyiridwe ndi loko kunja pa chifukwa chilichonse, popeza moto ukabuka kapena woopsayo akalowa, ayenera kutuluka nthawi yomweyo.

Chitetezo chimayambira pa kudziwa amene walowa pa sukulu. Mlendo aliyense ayambe wafika ku ofesi, alembe dzina ndi chimene wadzera m'buku la alendo. Ana aphunzitsidwe kuuza mphunzitsi akaona munthu wachilendo akuzungulira, koma asamukuwize kapena kumugenda. Mphekesera zikayamba kumveka m'dera, mphunzitsi wamkulu akumane msanga ndi mafumu ndi makolo kuti aliyense adziwe kuti alendo a zaumoyo, a mabungwe kapena a boma ofika pa sukulu amadziwika ndi ofesi.

Njira yachitatu: kuchoka pa sukulu

Njirayi ndi ya madzi osefukira ndi napolo, pamene malo onse a sukulu ali pangozi. Sukulu iliyonse yomwe ili m'tsinde mwa phiri, m'chigwa kapena pafupi ndi mtsinje isankhiretu malo othawirako mogwirizana ndi komiti yoona za ngozi zadzidzidzi ya m'mudzi, ndiponso njira ziwiri zokafikira kumeneko zosadutsa pa mtsinje kapena khwawa. Anthu akale a m'deralo afunsidwe kumene madzi adafika ndi kumene miyala idadutsa m'zaka zam'mbuyo, makamaka mu 2023.

Zizindikiro za phiri lofuna kugumuka ndi izi: mvula yamphamvu yosakata kwa masiku angapo, ming'alu yatsopano m'nthaka kapena m'makoma, mitengo ndi mapolo opendekeka, madzi otumphuka pamalo pomwe sipatuluka madzi, mtsinje wosanduka matope mwadzidzidzi kapena wophwera mvula ikugwabe, ndi mkokomo wochokera kuphiri. Chimodzi mwa zimenezi chikaoneka, ana achotsedwe nthawi yomweyo. Napolo amatsata makwawa ndi zigwa, ndipo amathamanga kuposa munthu. Pothawa, anthu alowere cham'mbali, kuchoka m'njira yake, kupita pamtunda wolimba wotalikirana ndi khwawa.

Madzi othamanga ofika m'kakolo, akuya masentimita 15 okha, amatha kugwetsa munthu wamkulu. Mitsinje ikadzaza nthawi yoweruka, ana okhala kutsidya asungidwe pa sukulu kapena pamalo othawirako mpaka madzi ataphwera, makolo atadziwitsidwa. Aphunzitsi akhale ndi mndandanda wa ana onse amene amawoloka mtsinje. Mwana wojomba chifukwa mtsinje udadzaza asalangidwe, chifukwa kuopa chilango ndiko kumachititsa ana kuwoloka madzi oopsa.

Mphenzi, mphepo yamkuntho ndi chivomerezi

Bingu likamveka, makalasi a panja, masewera ndi ntchito za kumunda ziime, ndipo ana alowe m'nyumba yolimba. Pansi pa mtengo ndi pabwalo la mpira ndi malo oopsa kwambiri pa nthawi ya mphenzi. M'kati, ana atalikirane ndi mawindo, zitseko zachitsulo ndi mawaya, ndipo asatuluke mpaka patatha mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Athandizidwe msanga n'kutengeredwa kuchipatala.

Mphepo yamkuntho, yomwe imakonda kuomba mvula zoyamba zikamayandikira, imasasula madenga, ndipo malata ouluka amavulaza kwambiri anthu amene ali panja. Ana akhale m'kati, kutali ndi mawindo, atabisa mitu pansi pa madesiki kapena ataiphimba ndi manja ndi zikwama, ndipo atuluke mphepo itadutsa.

Dziko lino lili m'chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, momwe nthaka imagwedezeka nthawi ndi nthawi, monga zidachitikira ku Salima mu March 1989 ndi ku Karonga mu December 2009. Nthaka ikayamba kugwedezeka, ana agwade, abise mutu ndi khosi pansi pa desiki n'kuigwiritsitsa. Kumene kulibe madesiki, aphimbe mutu ndi manja. Kugwedezeka kukatha, onse atuluke mwa njira yoyamba ija, ndipo asalowenso mpaka nyumba zitaunikidwa.

Kuwerenga ana ndi kuwapereka kwa makolo

Njira zonsezi zimathera pa kuwerenga ana. Kuwerengako kumatheka ngati kaundula adaitanidwa m'mawa wa tsikulo. Popanda kutero, palibe angadziwe ngati mwana wosowayo adajomba kapena watsala m'chipinda. Dzina la mwana wosowa liperekedwe kwa mphunzitsi wamkulu nthawi yomweyo, ndipo womufunafuna akhale munthu wamkulu, osati mwana mnzake.

Ngozi ikamveka, makolo amathamangira kusukulu, ndipo m'pomveka. Komabe kholo lililonse likangotenga mwana wake osauza mphunzitsi, ena amayamba kufunafuna mwana amene ali kale kunyumba, mwinanso kuika moyo wawo pachiswe. Mwana aperekedwe kwa kholo kapena womulera wodziwika, ndipo mphunzitsi alembe dzina la womutenga. Pa nthawi yodzitsekera, makolo adikire patali mpaka apolisi kapena mphunzitsi wamkulu atanena kuti kwayera. Dongosololi lifotokozedwe pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi kumayambiriro a chaka.

Ophunzira ofunika chithandizo chapadera

Ku Nguludi kuli koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana olumala ndi sukulu ya Maryview ya ana osamva, ndipo m'sukulu zambiri za m'bomali ana olumala amaphunzira pamodzi ndi anzawo. Mwana wosamva salimva belu, choncho pakhale chizindikiro chooneka, monga nsalu ya mtundu wodziwika kapena chizindikiro cha manja. Mwana wosaona ayendetsedwe m'njira yothawira kangapo mpaka aizolowere. Mwana woyenda pa njinga ya olumala kapena ndi ndodo akhale pafupi ndi khomo, ndipo njira yake isakhale ya masitepe. Aliyense wa ana amenewa, kuphatikizapo odwala khunyu kapena mphumu, akhale ndi mphunzitsi womuyang'anira ndi anzake awiri omuthandiza. Ana achialubino aperekezedwe popita ndi pobwerera kusukulu mogwirizana ndi makolo ndi mafumu, ndipo zimenezi zichitike mwaulemu, mosawachititsa manyazi pamaso pa anzawo.

Kayendetsedwe ka kuyeserera

Unduna ukulangiza kuti sukulu iziyeserera kosachepera kamodzi pa teremu, motsatira nyengo. M'teremu yoyamba, mvula isadayambe, ndi nthawi yabwino yoyeserera kutuluka, kubisala ku mphepo ndi mphenzi, komanso kuyenda ulendo wonse wopita kumalo othawirako. Kumayambiriro a teremu yachiwiri, yomwe imakumana ndi nyengo ya anamondwe, kuchoka pa sukulu kubwerezedwe. Kudzitsekera kuyesereredwe ana atsopano akangozolowera sukulu, ndipo kubwerezedwe m'teremu yachitatu.

Makolo, mafumu ndi anthu oyandikana ndi sukulu auzidwiretu tsiku loyeserera, kuti kulira kwa belu kusautse mphekesera m'mudzi. Ana nawo auzidwe kuti n'kuyeserera chabe. Poyeserera kudzitsekera, munthu asavale ngati chigawenga, asanyamule chida, ndipo pasakhale kukuwa kapena kumenya zitseko. Zoterezi zimasiya mantha mwa ana, makamaka amene adataya abale pa namondwe wa Freddy, ndipo mwana wamantha saphunzira. Ana a Sitandade 1 ndi 2 afotokozeredwe mwachidule kuti nthawi zina timakhala chete m'kalasi kuti tikhale otetezeka, ndipo ayambe ayeserera paokha asadaphatikizidwe ndi sukulu yonse. Mwana amene waoneka wosokonezeka acheze ndi mphunzitsi kapena mayi wa m'gulu la amayi. Nambala ya 116 ndi yaulere kwa mwana aliyense wofuna thandizo kapena uphungu.

Kuyeserera kukatha, mphunzitsi wamkulu alembe m'buku la zochitika pa sukulu tsiku, njira imene yayesereredwa, mphindi zimene zatenga kuti mwana womaliza awerengedwe, ndi zovuta zimene zapezeka, monga chitseko chokanika, kalasi imene siidamve wezulo kapena njira yoterera. Vuto lililonse lipatsidwe munthu wolikonza ndi tsiku lomalizira. Kuyeserera kumene kwaulula zofooka ndiko kwapindula, chifukwa zofookazo zaoneka popanda wovulala.

Udindo wa aliyense

Mphunzitsi wamkulu ndiye mwini dongosolo. Alembe ndondomeko yachidule yokhala ndi mapu a sukulu, zizindikiro, malo osonkhanirana, malo othawirako ndi manambala a foni a polisi, chipatala chapafupi, mfumu ndi mlangizi wa maphunziro, ndipo aipachike m'kalasi iliyonse. Asankhenso womuimirira, popeza ngozi ingagwe iye ali kumsonkhano. Komiti ya sukulu ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi ziyang'anire nyumba ndi kupeza zipangizo, kuphatikizapo bokosi la chithandizo choyamba. Makaundula ndi zikalata zofunika zisungidwe m'mapepala apulasitiki pamalo okwera. Alangizi a zaumoyo ndi bungwe la Malawi Red Cross Society angathe kuthandiza pophunzitsa chithandizo choyamba. Mafumu atsogolere posankha malo othawirako ndi kubzala mitengo m'mapiri ozungulira sukulu.

Alangizi a maphunziro a pulayimale aziona buku la zochitika akamayendera sukulu, n'kupereka malipoti ku ofesi ya maphunziro ya khonsolo ya Chiradzulu. Sukulu za sekondale zipereke malipoti awo ku ofesi ya chigawo cha maphunziro cha Shire Highlands. Ofesi zimenezi zimagwira ntchito limodzi ndi Bwanamkubwa wa boma ndi nthambi ya DoDMA. Aphunzitsi onse azitsatira machenjezo a Nthambi Yoona za Nyengo pa wailesi ndi pa foni, ndipo Unduna ukalengeza kuti maphunziro aimitsidwe, sukulu za boma ndi zomwe si za boma zitsatire mosazengereza.

Mutu umodzi susenza denga. Unduna ukupempha sukulu iliyonse ya m'boma la Chiradzulu kuti iitanitse msonkhano wa aphunzitsi, makomiti ndi mafumu, igwirizane za zizindikiro zitatu zija, ndipo iike tsiku loyeserera koyamba teremu ino isadathe. Ofuna kudziwa zambiri afunse kwa mlangizi wa maphunziro wa dera lawo kapena ku ofesi ya maphunziro ku boma.

Yoperekedwa ndi Ofesi Yofalitsa Nkhani, Unduna wa Maphunziro